Ng'ombe Imene Ndinakaibisa ku Zambia

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene golosale ya bambo anga inagwa. Nyumba yake ikadalipo mpaka lero m'mbali mwa msewu, ndipo anyamata ena amametamo tsitsi ndi kutchaja mafoni. Ndikamadutsa pamenepo ndimamvabe fungo lakale lija m'mphuno mwanga: palafini, sopo wochapira, nsomba zouma ndi mabanzi otentha amene amayi ankabweretsa m'mawa atavundikira ndi kansalu koyera.

Mudzi wathu uli kufupi ndi Kachebere, pamalo poti munthu ukapita kukatola nkhuni umatha kuponda dziko la Zambia osazindikira. Malire ake ndi kanjira kafumbi ndi mwala wa simenti umene unkabisika m'udzu nthawi yadzinja. Amayi anga anabadwira tsidya lino, koma mlongo wawo, amalume anga a Gilibati, anakakwatira tsidya linalo. Kuchoka kwathu kukafika kwawo unali ulendo wosakwana ola limodzi. Maliro tinkalira limodzi, maukwati tinkavina limodzi, ndipo belu la ku tchalitchi likalira linkadzutsa midzi ya mbali zonse ziwiri.

Bambo anga, a Matiyasi Mbewe, anali munthu wa mawu ochepa. Ankakhala kuseri kwa kauntala, kolona ili m'thumba la malaya, pensulo ili pakhutu. Ambiri mwa ogula awo anali matenanti a pa esiteti ya fodya imene inali kumunsi kwa mudzi wathu, anthu ochokera kutali, ena ku Dedza, ena ku Mulanje ndi ku Phalombe. Tenanti saona ndalama mpaka fodya atagulitsidwa. Chaka chonse amangolandira chimanga kwa mwini esiteti, ndiye mchere, sopo, machesi ndi palafini ankadzatenga kwa bambo pangongole. Bambo ankalemba zonse m'buku la chikuto chofiira, ndipo amene sankatha kulemba ankadinda chala.

Koma panalinso chizolowezi china. Banki inali ku Boma, kutali, ndipo nyumba za matenanti zinali za udzu zokhazokha, zosachedwa kupsa. Choncho munthu akalandira kangachepe kake pakutha pa nyengo, ankadzasungitsa kwa bambo. Zimenezi zinkalembedwa kumapeto kwa buku lomwelo. Anthu ankawakhulupirira chifukwa sanawamvepo akukweza mawu kapena kubera munthu pa sikelo.

Mmodzi wa osungitsa ndalamawo anali a Makwinja a ku Phalombe, bambo wamfupi, woseketsa, wa zikhatho zakuda ndi utomoni wa fodya. Ankanditcha "aphunzitsi" chifukwa ndinkakhoza masamu. Anali atasungitsa ndalama za nyengo zitatu, akuti akadzabwerera kwawo akagule malata. Anali ndi mkazi ndi ana atatu, ndipo mwana wawo wamkulu, Esinati, ndinali naye kalasi imodzi.

Ine chuma changa chinali ng'ombe. Mayi wake anafa iyo ili ndi masabata awiri, ndipo ndinailera ndekha, kuimwetsa phala lamadzimadzi la m'botolo mpaka inayamba kudya msipu. Inali ndi mawanga oyera ndi akuda, basi dzina linakhala Mawanga. Ankanditsatira ngati galu. Ndikakhala pansi kubusa ankabwera kudzandinyambita m'mutu ndi lilime lake lokhakhala, tsitsi langa n'kuima. Chaka chimenecho anali ndi bere loyamba, ndipo bambo anali atandilonjeza kuti mwana wake adzakhala fizi yanga ya ku sekondale.

Fodya wa chaka chimenecho anapakiridwa m'malole monga mwa masiku onse, koma ndalama sizinabwerere. Anthu anadikira mwezi, kenako wina. Pambuyo pake kunabwera amuna a mapepala m'manja, anatenga thirakitala, anakhoma maloko pa ofesi ndi pa nyumba zosungiramo fodya. Tinamva kuti mwini esiteti anali ndi ngongole yaikulu ku banki ndipo analephera kubweza. Matenanti anauzidwa kuti aziona kolowera. Palibe amene analandira ngakhale tambala.

Zimene zinatsatira ndinazimvetsa pang'onopang'ono. Anthu amene anali ndi ngongole kwa bambo analibe chobweza. Anthu amene anasungitsa ndalama anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzazitenga kuti azipita kwawo. Ndipo ndalamazo munalibe m'chitini chimene bambo ankazisungiramo. Bambo anali ataziodera katundu, poganiza kuti fodya akagulitsidwa zonse zibwerera m'malo mwake monga zinkachitikira zaka zam'mbuyo. Pamwamba pa zimenezo anali atatenganso shuga ndi sopo pangongole ku holoselo ina ya ku Boma, ndipo kalaliki wa kumeneko anali atabwera kale kawiri pa njinga yamoto.

Lamulungu lina, Misa itatha, bambo anaimirira panja pa tchalitchi, chipewa chili m'manja. Ananena kuti aliyense amene akufuna ndalama zake kwa iwo abwere kunyumba kwathu Loweruka m'mawa, adzatulutsa zonse zimene ali nazo kuti anthu agawane. Amayi anayang'ana pansi. Ine ndinamva ngati mpingo wonse ukuyang'ana zigamba za kabudula wanga.

Lachinayi masana amalume a Gilibati anabwera. Anakhala pakhonde ndi bambo, ine ndikusenda mtedza chapafupi. Amalume ankayankhula Chinyanja cha tsidya lija, mokweza, akumenya bondo ndi chikhatho.

"Mulamu, manje imwe mufuna ana akadye chani? Buku yofiira ija? Sikelo apatseni, wailesi apatseni, koma ng'ombe ibwere kwa ine. Mesenjala wa khoti sawoloka malire. Aliyense kuno achita tero. Zikazizira muzaitenga."

Bambo anapukusa chipewa pa bondo.

"Ndamva, alamu. Zikomo pondiganizira. Koma ndinanena pa tchalitchi kuti nditulutsa zonse."

"Zonse! Na mkazi wanu yemwe mumuike pa mphasa?"

Amayi anaseka pang'ono ali kukhitchini, kuseka kopanda chimwemwe. Pochoka, amalume anaima pamene ndinakhala ine, anatapa mtedza wodzaza dzanja, n'kunena chapansipansi kuti, "Feliksi, khola langa lili na malo."

Lachisanu m'mawa ndinatsegula khola ngati ndikupita kubusa. Sindinapite kudambo. Ndinadzera kuseri kwa minda ya chimanga chouma, mapesi akulira ndi mphepo ya mwezi wa Ogasiti, Mawanga akunditsatira pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera kwa bere. Titafika pa mwala wa malire anaima n'kuyamba kudya udzu wa m'mbali mwake. Ndinamukoka chingwe, tinawoloka. Mumtima mwanga sindinkaona kuti ndikuba. Ndinkati ng'ombeyi ndinailera ndine, sinadyepo shuga wa ku Boma, sinadindepo chala m'buku la munthu.

Amalume anandilandira ndi chisangalalo. Anandiotchera chinangwa, anandisisita m'mutu, n'kunena kuti, "Iwe ndiwe mwamuna kupambana atate ako." Mawuwo anandikoma, komanso anandiwawa penapake pamene sindinathe kuloza.

Madzulo bambo anaima pa khola lopanda kanthu.

"Mawanga ali kuti?"

"Wasochera, bambo. Ndamufuna dambo lonse."

Linali bodza langa loyamba kwa iwo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ngati mmene ankayang'anira muvi wa sikelo podikira kuti uime. Kenako anangoti, "Chabwino. Kasambe."

Loweruka linacha kuli mphepo. Tinayala mphasa zitatu pansi pa mtengo wa mango ndipo tinayamba kutulutsa katundu. Sikelo, mashelefu, kauntala, shuga ndi sopo wotsala, wailesi, njinga, mipando inayi, jekete la bambo la ku tchalitchi, ngakhale mbale zadothi zimene amayi analandira pa ukwati wawo. Zinthu zimene m'nyumba zinkaoneka zambiri, panja zinaoneka zochepa ndi zotha ntchito. Anthu ofuna ndalama zawo anabwera khumi ndi awiri, ena ndi mabanja awo. Kunabweranso anthu ofuna kugula katunduyo, ndi a Sitefano, akatekisiti a mpingo wathu, amene bambo anawapempha kuti akhale mboni.

Kalaliki wa ku holoselo anafika atamanga tayi, fumbi lili m'nsidze. Iye ankafuna kuti abwana ake ayambe kulandira zawo zonse, popeza ngongole yawo ndiyo inali yaikulu ndipo inali ndi mapepala. Akanatero, enawo sakanatsala ndi kanthu. Anakangana kwa nthawi ndithu. A Sitefano anamuuza mofatsa kuti akafuna kupita kukhoti apite, koma pofika tsiku la mlandu shugayo adzakhala atanyowa ndipo njingayo itachita dzimbiri. Pomaliza anavomera kuti onse alandire mofanana: pa ndalama khumi zilizonse zimene munthu akufuna, wamkulu ndi wamng'ono alandire gawo limodzimodzi.

Popeza ambiri sankadziwa kuwerenga, bambo anatulutsa lichero la chimanga chotongola. Njere iliyonse inkaimira ndalama yofanana. Munthu aliyense anamuikira mulu wake patsogolo, molingana ndi zimene zinalembedwa m'buku. Mulu wa kalaliki unali waukulu, wotsatira unali wa a Makwinja. Ndiye anawerengera mitengo ya katundu yense wa pamphasa, ndipo a Sitefano analengeza kuti pa njere khumi zilizonse, zotheka kubweza ndi zinayi zokha.

"Feliksi," bambo anandiitana, "iwe umakhoza masamu. Khala apa, uziwapatulira."

Ndisanayambe, kalaliki uja anakweza dzanja.

"A Mbewe, ndinamva kuti muli ndi ng'ombe. Sindikuiona pano."

"Ndili nayo," bambo anayankha. "Yaikazi, ili ndi bere. Dzulo sinabwerere kukhola. Mwana wanga akuti yasochera. Ikapezeka ndi yanu nonsenu."

Kalaliki anaseka mpaka kutsokomola.

"Ng'ombe za kumalire kuno n'zophunzira, eti? Zimadziwa ndi tsiku lomwe loti zisochere!"

Anthu ena anaseka nawo. Mayi wina anati a Mbewe sanama, koma mawu ake anatuluka opanda mphamvu, ndipo ndinaona anthu amene ankadinda chala m'buku la bambo mosakayika akuyang'anizana. Bambo sanadziteteze. Anangotsitsa mutu, khosi lawo likuoneka lowonda mkati mwa kolala.

Ndinayamba kupatula njere. Khumi, zinayi kwa mwini wake, zisanu ndi imodzi pambali. Khumi, zinayi kwa mwini wake, zisanu ndi imodzi pambali. Nditafika pa a Makwinja, iwo anagwada pafupi nane, akutsatira njere iliyonse ndi maso. Nditamaliza anayang'ana kamulu kamene kanatsala patsogolo pawo.

"Aphunzitsi, tawerenganinso. Mwina zina zabisala m'zikhadabomo."

Anthu anaseka pang'ono. Ndinawerenganso, zinali zomwezo. Iwo anayamba kugawa kamuluko ndi chala, akung'ung'udza mitengo ya basi. Kenako anatembenukira kwa akazi awo, n'kuyankhula ngati munthu amene akungokonza za ulendo.

"Amayi, za malata tiiwale. Izi zitifikitsa pa Lilongwe tonse asanu. Kuchoka apo mpaka kwathu sizikwana. Basi, wamkuluyu timusiya pa Lilongwe. Kuli mbale wa anzathu aja amene amafuna mtsikana wolera mwana. Tidzamutenga Mulungu akalola."

Esinati anali ataima kumbuyo kwa amayi ake, mng'ono wake ali kumsana. Sanalire. Ankangokumba dothi ndi chala chachikulu cha kuphazi. Mtsikana ameneyu ndinkakhala naye benchi imodzi, ndipo sabata yapitayo anali atandibwereka labala.

Ndinafunsa a Sitefano kuti ng'ombe ija itapezeka njere zingakhale zingati. Anawerengera papepala, anafunsa mtengo kwa mlimi wina wa ku Kapondo amene anabwera kudzaona njinga, ndipo anati zingafike zisanu ndi ziwiri pa khumi.

Ndinaimirira, mankhusu a chimanga akugwa pa kabudula.

"Ukupita kuti?" bambo anafunsa. "Sunamalize."

"Ndikukatenga Mawanga."

"Ukudziwa kokamutenga?"

"Inde, bambo."

Bambo anavala chipewa chawo, anapempha anthu kuti adikire, n'kunena kuti andiperekeza.

Tinayenda osayankhulana, iwo patsogolo, ine pambuyo. Ndinkadikira mbama, ndipo mwina ndikanaikonda kuposa kukhala chete kumeneko. Titafika pa mwala wa malire anaima, anakhala pansi pambali pake.

"Ine ndikudikira pano. Unamuwolotsa wekha, ukamubweretse wekha."

Amalume atamva chimene ndadzera anakalipa mpaka nkhuku zinabalalika. Anati ndife opusa, bambo ndi mwana yemwe, ndipo tsiku limene tidzagone ndi njala tisadzagogode pakhomo pawo. Akazi awo ndi amene anapita kukhola mwakachetechete, anamasula chingwe n'kundipatsa. Mawanga atandiona anandinyambita pakhutu.

Pobwerera, nditawoloka kanjira kaja n'kuwapeza pa mwala paja, bambo anayankhula. Sanandiyang'ane, ankayang'ana ng'ombe.

"Feliksi, usaganize kuti wolakwa ndiwe wekha. Iwe wabisa ng'ombe tsiku limodzi. Ine ndinatenga ndalama za a Makwinja n'kuodera shuga osawapempha, ndipo ndachita zimenezo zaka zitatu. Ndinkadziuza kuti ndikungobwereka. Nawenso unadziuza zako. Tonse awiri tagwira za eni ake."

"Koma Mawanga ndi wanga, bambo."

"Ndi wako, mwana wanga. Ndipo ine ndi amene ndakutayitsa. Undikhululukire. Koma tikamusunga, ngongoleyo siitha. Wina aisenza, ndipo waona wekha amene aisenze."

Aka kanali koyamba kumva munthu wamkulu akupempha chikhululuko kwa mwana. Ndinalira njira yonse, chingwe chili m'manja. Sitinadzere kuseri kwa minda. Bambo anati tidzere mumsewu waukulu, podutsa pa golosale yotseka ija, anthu onse akuona.

Panali wogula nyama wina amene anatchula mtengo wokwererapo, koma bambo anapempha anthu a ngongole kuti ng'ombe ya bere isapite kokaphedwa, ndipo onse anavomera, ngakhale kalaliki uja. Anagula ndi mlimi wa ku Kapondo. Chingwe ndinachipereka ndekha m'manja mwake. Ndinamuuza kuti Mawanga sakonda kumenyedwa, amamva ukangoimba mluzu kawiri. Munthuyo anagwedeza mutu mwaulemu, ngati akumva malangizo a munthu wamkulu. Akupita naye, Mawanga anatembenuka kangapo, akulira, mpaka anakhota pa mitengo ya bulugamu.

Ndinakhalanso pamphasa n'kuyamba kupatula mwatsopano. Khumi, zisanu ndi ziwiri kwa mwini wake, zitatu pambali. A Makwinja anagawanso kamulu kawo ndi chala, kawiri konse, kenako anapumira m'mwamba.

"Amayi, malata apita ndithu. Koma tikwera tonse mpaka kwathu." Anandigwira paphewa ndi dzanja lawo lolimba lija. "Aphunzitsi, masamu a ulendo uno ndawamva."

Anthu atabalalika, bambo anasonkhanitsa njere zitatuzitatu zotsala zija. Za munthu aliyense anazimanga m'kansalu kakekake, n'kulowetsamo kapepala ka dzina. Timitolo khumi ndi tiwiri. Amayi anawafunsa kuti n'zachiyaninso, popeza onse anavomera kuti nkhani yatha. Bambo anati anthuwo akhululuka, koma ndalamazo n'zawobe.

Zaka zotsatira zinali zowawa, sindingabise. Bambo ankaumba njerwa za anthu ndi kulima ganyu. Amayi anapitiriza kuphika mabanzi, n'kumagulitsa pa lichero m'mbali mwa msewu, moyang'anizana ndi khomo la golosale imene kale inali yathu. Ku sekondale sindinapite. Ndinakaphunzira ukalipentala kwa mmisiri wina ku Boma, ndipo ndi ntchito imene yandidyetsa mpaka lero. Panali masiku amene ndinkaona anzanga atavala yunifolomu n'kumva mkwiyo, ndipo sindinkadziwa kuti ndikwiyire ndani. Mwa matenanti onse amene anali ndi ngongole kwa bambo, awiri okha ndi amene anadzabweza. Bambo sanalondole aliyense. Ankati munthu amene walima chaka chonse n'kuchoka chimanjamanja walipira kale mokwanira.

Koma timitolo tija tinkachepa. Akapeza kangachepe, bambo ankapita kwa mwini kamtolo, kumupatsa, n'kubwera kunyumba kudzamasula kansaluko ndi kumwaza njerezo pabwalo. Ankaima n'kumaonerera nkhuku zikutola, nkhope yawo itawala ngati tsiku la Pasaka. Ka holoselo ya ku Boma kanawatengera zaka zisanu ndi chimodzi. Amalume a Gilibati nawo mkwiyo unawathera, ndipo chaka cha njala ndi iwo amene anatibweretsera thumba la chimanga pa njinga, akutitukwana njira yonse.

Kamtolo kamodzi kokha ndi kamene sikanamasulidwe. Bambo anatumiza ndalama za a Makwinja pa positi, kudzera ku mpingo wa kwawo, koma kalatayo inabwerera. Anatumizanso chaka china, inabwereranso. Sitinamvenso za iwo, kapena za Esinati. Bambo atamwalira tinakapeza kamtoloko m'thumba la malaya awo, pamodzi ndi kolona. Ndikadali nako. Anankafumbwe anadya njerezo kalekale, mwatsala ufa wokhawokha, koma dzina la pakapepala likuwerengekabe.

Mkazi wanga Agnesi ankaikonda nkhani imeneyi. Ndikachedwa kubwera kuntchito ankandifunsa kuti, "Bambo a Tadala, lero mwakabisanso chiyani ku Zambia?" Anali telala, ndipo phokoso la makina ake osokera ndi limene linkandiuza ndili patali kuti pakhomo pali bwino. Atadwala, tinabwereka ndalama ku gulu la banki m'khonde limene iye analimo, chikole chake makinawo. Matendawo anatenga nthawi, maulendo a ku chipatala cha ku Lilongwe anachuluka, ndipo pomaliza Mulungu anamutenga. Maliro atatha, nthawi yobweza inakwana ndilibe kanthu.

Mwana wa amalume a Gilibati, amene tsopano ndi mwini mudzi uja wa tsidya, anandiuza mawu omwe aja amene bambo ake ananena pakhonde pathu. Ndipo ine, munthu wa imvi, wodziwa zonse zimene ndalembazi, ndinamangirira makinawo pa njinga m'mawa wina n'kuuyamba ulendo. Chinali chinthu chokhacho chotsala chimene chinali ndi fungo la manja a Agnesi. Ndinafika mpaka pa mwala wa malire. Udzu unali utaumeranso m'mbali monga kale. Ndinatsika, ndinakhala pansi pamalo pamene bambo anakhala, ndipo ndinayamba kuwerenga m'mutu mwanga amayi a m'gulu lija mmodzimmodzi. Wina amagulitsa tomato. Wina akulera zidzukulu zinayi zamasiye. Wina mwana wake wamkazi anali atasankhidwa kupita ku sekondale chaka chomwecho, ndipo fizi yake inali m'bokosi lomwelo limene ife tinatengamo. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linayamba kutentha, kenako ndinatembenuza njinga.

Makinawo anagulidwa ndi mmodzi wa amayi a m'gululo. Amasokera mayunifolomu pakhonde pake, pafupi ndi njira ya ku tchalitchi. Ndikamadutsa ndimachepetsa liwiro kuti ndimve phokosolo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti tsiku lija pansi pa mango bambo anataya zonse. Tsopano ndimaona kuti panali chinthu chimodzi chimene sanalole kuti chiikidwe pamphasa, ndicho mawu awo, ndipo ine ndi amene ndinatsala pang'ono kuwagulitsa. Ndaphunziranso kusafulumira kuweruza munthu wa ngongole. Ambiri sagwa chifukwa cha umbava. Amagwa chifukwa wina pamwamba pawo wagwa, kapena chifukwa cha matenda, kapena chifukwa anadalira chaka chimene sichinabwere. Ngakhale amene amathamangira kukabisa katundu ndimawamvetsa, pakuti njira imeneyo ndaiyenda kawiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti ukabisa chako, ngongole siichoka. Imangotsikira kwa munthu amene alibe chobisa, ndipo kawirikawiri munthuyo amakhala mwana wa wina, waima kumbuyo kwa amayi ake, akukumba dothi ndi chala.

Tsiku lililonse popemphera ndimatchula Agnesi, bambo ndi amayi. Pambuyo pawo ndimatchula a Makwinja ndi banja lawo, kulikonse kumene ali. Zitatu pa khumi zija zikadali zawo.